Chimfine cha a Felesiya

Foni inalira ndili pakati poyala tomato pabenchi langa pa Nathenje. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira koti zala zinkakana kumasula mfundo ya chitenje. Nditaona kuti akuimba ndi Limbani, ndinadabwa. Limbani ndi mwamuna wa Tiyanjane, mwana wa akulu anga a Felesiya, ndiye kuti kwa iye ine ndi apongozi aang'ono. Chikwatirireni kwathu anali asanandiimbirepo.

"Mayi, pepani," anatero. "Amayi kuno adzitsekera m'nyumba. Akufukiza. Ndaodira, ndaodiranso, sakuyankha."

"Mwina agona. Tiyanjane ali kuti?"

"Ali kumaliro, kutsidya kwa dambo. Mudzi wonse uli komweko. Ine wangondituma kudzawasiyira mandimu. Poyamba ndimamva akutsokomola, koma tsopano kuli zii. Komanso, mayi, kukumveka fungo la makala."

Ndisanapitirire ndikuuzeni kaye za akulu angawo, chifukwa mukapanda kuwadziwa muganiza kuti Limbani ndi chitsiru, mwamuna wamkulu kuima pabwalo n'kumaimba foni munthu akufa m'nyumba.

A Felesiya anabadwira m'mudzi mwathu momwemo, kumadzulo kwa Mitundu, kumene ukaima pachulu umaona mapiri a Dzalanyama. Tinabadwa atatu: alongo athu a Bester, amene ndi mwini mbumba, kenaka iwowo, kenaka ine Idesi, chitsirizira. Ine ndinatengedwa chitengwa kubwera ku Nathenje, koma akulu anga sanasunthe. Amuna awo a Yakobe anamwalira Tiyanjane ali kumsana, ndipo ena amene anabwera kudzafunsira pambuyo pake anabwerera chimanjamanja. Mayi uja analima yekha chimanga ndi fodya, kuimika yekha chigafa, mpaka kufolera nyumba ndi malata. Munthu wotere sumuuza zochita.

Koma chimene chinawatchukitsa si malata ayi, ndi chimfine. Sanali sing'anga, ndipo mukanawatchula choncho mukanaona zakuda, poti anali mayi wa Chigwirizano wosajomba kutchalitchi. Ankangodziwa masamba. Mphepo ya Juni ikayamba, ana mamina ali chuchuchu, akuluakulu akuyetsemula ngati mbuzi, njira yopita kunyumba kwawo inkachita kuyera. Ena ankapalasa njinga kuchokera ku Malingunde. Sankalandira kanthu. Chimene ankafuna kwa iwe n'chakuti uwamvere basi.

Ankathyola nsonga zanthete za bulugama, masamba a ndimu, a gwafa ndi a chanzi, n'kuwiritsa mumphika waukulu wadothi umene sunkaphikidwamo china chilichonse. Zikawira ankaphula, n'kulowetsa mphikawo kuchipinda. Wodwala uvule zonse, osatsala ndi kansalu komwe. Lamulo lalikulu linali limeneli. Ankati matenda amatuluka ndi thukuta, ndiye chovala chimamwa thukutalo n'kukubwezeranso m'thupi. Ukhale pakampando, mphika pakati pa miyendo, mabulangete awiri kumutu, chitseko chotseka. Nthunzi ikayamba kufooka ankaponyamo mwala wootcha, ndipo iwe mkatimo unkaona ngati tsiku lachiweruzo lafika. Wodwala akakhala wamwamuna, mwalawo ankaponya ndi mkazi wake, iwo ali pakhonde kulamula. Ukati utulutseko mphuno kuti upume, unkangomva, "Wakuuza ndani? Bwerera!" Pomaliza ankakupatsa kapu ya madzi otentha a mandimu, muli jinja, uchi ndi katsabola pang'ono, n'kukugoneka.

Ine ndinalowamo kambirimbiri m'mabulangete amenewo, ndipo sindinama, mphuno zinkatseguka, mutu n'kupepuka. Kaya ndi masambawo, kaya chimfine chinkangothawa ukali wa mwini mphika, sindidziwa. Tsiku lina ndinayesa kuwauza kuti chimfine chimatha chokha ngakhale osachichita kanthu. Sanandilankhule mpaka pa Khirisimasi.

Limbani anabwera ngati tenanti kuchokera ku Phalombe, kudzalima fodya pa esiteti ina kufupi ndi kwathu. Anali mnyamata wofatsa, wamanja olimba, wosalawa mowa. Tiyanjane anamukonda, ndipo akulu anga analola mokukuta mano. Ankati munthu wopanda m'bale pafupi sadziwika mtima wake, poti ngakhale nkhoswe wake anali tenanti mnzake wongobwereka. Komabe anamuloza malo kuseri kwa nkhokwe, anamanga nyumba, nakhala pachikamwini. Ulemu wa mkamwini ankausunga mpaka kupitiriza. Akaona apongozi akubwera m'njira ankapatukira kutchire. Polankhula nawo ankanjuta patali, nkhope atayang'ana kumbali. Pakhonde la nyumba yawo sankapondapo, nanji kuchipinda. Anthu a m'tauni amaseka zimenezi, koma kwathu mkamwini akaona apongozi ake osavala ndiye kuti watukwana mbumba yonse, ndipo mlandu wake suthera pa nkhuku.

Chimene chinawadanitsa ndi mwana. Woyamba wawo, Ulemu, ali ndi chaka chimodzi anadwala chifuwa. Agogo ake anamufukiza ali pamiyendo pa mayi ake, n'kumufukizanso mawa lake, koma mwana ankangobanika, nthiti zikulowa mkati. M'mawa wina, mphika uli kale pamoto, Limbani anakweza mkazi ndi mwana panjinga osatsanzika, ulendo wa kuchipatala ku Mitundu. Anakapeza kuti ndi chibayo. Mwana anagonekedwa, anachira, ndipo lero ali pasukulu, pakamwa ngati agogo ake. Munthu wina akanathokoza. Akulu anga ayi. Chimene anaona iwo n'chakuti mphika wawo unawira mpaka kuphwa pamaso pa mudzi wonse, wodwala atathawitsidwa ndi munthu wobwera. Kuyambira pamenepo dzina la Limbani linatha pakamwa pawo. Anangokhala "tenanti uja".

Mbuzi ikalowa m'dimba, tenanti uja sanatseke bwino. Fodya akavuta kumsika, tenanti uja sadziwa kusankha. Zinapitirira choncho zaka ndithu, mpaka chaka chimene ndikunenachi anauza a Bester kuti fodya akangogulitsidwa aitane ankhoswe, munthuyo asudzulidwe azipita kwawo. Kwathu mkamwini akamachoka amanyamula zovala zake zokha, ana ndi a mbumba. Pa nthawiyo ana anali atatu. Tiyanjane analira mpaka maso kutupa, koma pamaso pa mayi ake ndi amalume ake analibe mawu. Chimene chinkasowa ndi chifukwa chogwirika choti akanene pabwalo, poti munthuyo sankamwa, sankamenya, sankayenda ndi akazi. Limbani ankazidziwa zonsezi. Pamudzipo ankayenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza pamalo poterera.

Ndiye chimfine chinagwira eni ake mphika. Sabata inatha, ina n'kuyamba, chili gwa. Anafukiza, anamwa mandimu mpaka mano kuyayamira, anatafuna adyo moti nkhuku zomwe zinkawalambalala, koma ayi ndithu. Mawu anasasa, nyimbo ku Chigwirizano anatsogolera wina. Kumjigo amayi anayamba kufunsana mokweza, mwadala kuti nkhani ikafike, kuti kodi bulugama chaka chino watha mphamvu? Tiyanjane atatchula zachipatala anauzidwa kuti akatchule zimenezo kunyumba kwa tenanti wake.

Tsiku la malirolo anatsala okha, opanda wowaotchera mwala, ndipo chisanu chinkazimitsa nthunzi mphika usanafike n'kuchipinda komwe. Zimene anachita tinazidziwa pambuyo pake. Anakoleza mbaula, n'kuilowetsa kuchipinda, mphika uli pamwamba kuti uzingowira. Zenera anatseka ndi masaka a feteleza. Chitseko anaika mpiringidzo, poopa kuti mkamwini angayende pafupi iwo atavula. Atatero anadzifunditsa mabulangete pamodzi ndi mbaulayo. Iwo amene ankakalipira aliyense kuti mphika uziphulidwa kaye! Koma munthu akanyozeka, nzeru zimathawa.

Zimenezi ine pa Nathenje sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti makala m'nyumba yotseka anapha kale banja lina lathunthu kuno kwathu.

"Mwasuzumira pazenera?" ndinafunsa.

"Atseka ndi masaka. Komanso ndi zenera lakuchipinda, mayi. Ndingasuzumire bwanji?"

"Menyani chitseko! Itanani mokweza!"

Ndinamva akumenya, ndinamva akufuula kuti amayi, amayi. Chimene chinayankha ndi nkhuku.

"Palibe mzimayi aliyense pamudzipo?"

"Ndazungulira nyumba zonse. Kuli tiana tokhatokha."

"Thamangani mukatenge Tiyanjane."

"Dambo lija njinga sidutsa, mayi, n'kuchita kuzungulira kumlatho. Pobwera ndidzapeza zitatha."

"Ndiye thyolani chitseko."

Ndinkamva kupuma kwake kokha.

"Bambo a Ulemu, mukundimva? Ndati thyolani chitseko."

"Mayi, inu mukudziwa m'mene amafukizira." Anatsitsa mawu ngati pali wina womvetsera. "Savala. Ndikalowa, chifukwa chija akuchifunachi achipeza lero. Ana anga, mayi. Nanga ndikathyola n'kuwapeza angogona, ali bwinobwino, ndidzati chiyani?"

Ndinamumvetsa, ndipo kumvetsako n'kumene kunandipsetsa mtima koposa. Ankanena zoona. Akalowa n'kuwapeza ali moyo, wapita ku Phalombe. Akalowa n'kuwapeza atafa, anthu adzati anatani nawo m'chipindamo. Njira yokha yomusiya woyera inali yokhala panja n'kudikira, ndipo palibe akanamudzudzula. Anthu akanangoti tsoka silinunkha, n'kuyamba kukumba manda.

"Iwe Limbani!" Ndinali ndisanamutchulepo dzina, ndipo amayi ogulitsa nawo anasiya zonse n'kundiyang'ana. "Ndine mayi ako amene ndikukutuma. Mlandu ukabwera ndi wanga. Tenga musi pamtondopo, menya pamene pali mpiringidzo!"

"A Bester sakamva zimenezo."

"A Bester ndithana nawo ine! Uyo ali mkatimo ndi m'bale wanga, wamva?"

"Mayi," anatero, ndipo mawu anali atasintha, "pansi pa chitseko pakutuluka utsi. Ukununkha ngati nsalu."

Foni inaduka pomwepo. Mayunitsi ake anali atatha. Ndinaimba ine, inangolira osayankhidwa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinayesa ya a Bester, yozimitsa, poti anali kumanda.

Tomato ndinasiyira mnzanga wa benchi loyandikana, osawerenga n'komwe, n'kukwera njinga yamoto. Ndinamuuza mnyamatayo kuti adutse njira zachidule zafumbi, asamve chisoni ndi msana wanga. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Mphepo inkandicheka kumaso, misozi ikuuma isanafike patsaya, ndipo paliponse pamene tachepetsa liwiro ndinkaimbanso. Phiri la Bunda linkangooneka pomwepo ngati sitikuyenda. Ndinkafuna kupemphera koma sindinadziwe chopempha. Limbani akapanda kulowa, ndikukaika akulu anga. Akalowa, Tiyanjane watsala yekha ndi ana atatu, ndipo wamutuma ndine.

Kumudzi ndinapeza anthu ali piringupiringu, ena akadali ndi fumbi la kumanda. Chitseko cha a Felesiya chinali chitang'ambika pakati, musi uli pansi, mandimu ali mbwee pabwalo. Mbaula inali itaponyedwa panja, mphika uja utasweka, ndipo pakhonde panali bulangete limodzi lopsa mbali yonse. Foni ya Limbani ndinaiona ili m'fumbi pafupi ndi mtondo.

"Ali kuti?" ndinafunsa mayi wina woyandikana nawo nyumba.

"Takumana nawo kumsewu ife tikuchokera kumanda. Mkamwini atawabereka kumsana, Idesi. Kumsana! Atawakulunga bulangete, jekete lake pamwamba. Waimitsa njinga yamoto, apita ku Mitundu."

"Amoyo?"

"Kaya. Manja amangolendewera."

Kuchipatala ndinayamba kuona Limbani. Anakhala pansi kuseri, kumene anthu amaimika njinga, kutali ndi khomo la wodi, atavala kamalaya kokha m'chisanu chonse chija. Dzanja lake lamanja linali litatupa ndi matuza. Atandiona anadzuka n'kunjuta, kuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira.

"Akupuma," anatero. "Ndawapeza atagwera kumbali, bulangete litayamba kunyeka. Tiyanjane ali nawo mkatimo."

Akulu anga anali gone pabedi, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, mkono wamanzere utapsa kuyambira pachigongono. Namwino anatiuza kuti ndi mpweya wa makala, umene suoneka ndiponso sununkha, umangomugoneka munthu. Anati akanachedwa nawo pang'ono bwenzi tikunena zina. Kenaka anatipempha kuti tiwaveke. Ine ndi Tiyanjane tinachotsa jekete lija, tinachotsa bulangete, ndipo mkatimo munalibe kanthu, anali monga anabadwira. Tinayang'anana. Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kuwafunditsa.

Anatsitsimuka madzulo ake. Mawa lake, mutu utayamba kugwira, anafunsa kuti anafika bwanji kumeneko. Tiyanjane anawauza zonse, za musi, za kumsana, za anthu a kumanda. Anatembenukira kukhoma, ndipo anakhala choncho mpaka tsiku lotuluka.

Kumudzi nkhani inali itafika kale patali. Ena ankati mwamuna uja ndi wolimba mtima. Ena ankati akanatuma ana kukaitana anthu, ngati kuti mwana wosavala kabudula angaoloke dambo. Achinyamata ankaseka kuseri, kuyerekeza m'mene ankathamangira ndi katundu wake kumsana. Ndinapita kwa a Bester kukawauza kuti ndinamutuma ndine.

Alongo athu si munthu woipa, koma mwambo amaugwira ngati khasu lobwereka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Moyo wapulumutsa, tikuthokoza," anatero. "Koma tandiuza, Idesi, anthu awiriwa akhala bwanji mudzi umodzi? Azikumana m'njira tsiku ndi tsiku, uyu akudziwa chimene anaona, uyu akudziwa kuti anaonedwa? Eni ake anapempha kale kuti munthuyu achoke popanda n'chifukwa chomwe. Nanga lero?"

"Ndiye akanawasiya afe?"

"Sindinatero. Koma madzi akatayika saoleka. Iwe unapita chitengwa, za pano uzimvera kwa ife."

Ndinatuluka ndisanatukwane mwini mbumba.

Ndinakhala kumudzi kusamalira akulu anga, kuwatsuka bala, kuwaphikira phala. Pakhomo tinatchinga ndi mphasa poti chitseko chinali chikadali chothyoka. Tsiku lililonse ndinkayambitsa nkhaniyo. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawakumbutsa za Ulemu, ndinawauza zonse zimene Limbani ananena pafoni, kuti ankadziwa chimene akutaya asananyamule musi. Iwo ankangoyang'ana kudenga. Akatsegula pakamwa ndiye kuti akufuna madzi. Ndimawadziwa akulu anga, manyazi kwa iwo amawawa kuposa moto, ndipo ndinayamba kuopa kuti sadzamukhululukira munthu amene anawaona atagonja.

Limbani anagulitsa fodya wake, n'kupereka zonse kwa mkazi wake. Tiyanjane anandilowetsa m'nyumba mwawo n'kundionetsa chikwama chili kuseri kwa chitseko, chomangamanga kale. Ulemu anali atamva kwa anzake kusukulu, ndipo ankakana kupita kulikonse, ankangotsatira bambo ake ngakhale kudimba.

Tsiku la nkhani tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Bester. Anabwera ankhoswe a mbali zonse, ndi tenanti wokalamba uja amene anaimira Limbani paukwati. Anthu ena osaitanidwa anadzaza kuseri kwa nkhokwe ngati akusankha mtedza. A Felesiya anakhala pamphasa chakumbali, mkono uli m'bandeji, atafunda nsalu kumutu. Limbani ananjuta patali, atawapatsa msana pang'ono.

A Bester anayamba ndi kuthokoza, mwaulemu ndithu, kenaka anafika pamutu.

"Bambo a Ulemu, munathyola chitseko cha apongozi anu?"

"Ndinathyola."

"Munalowa kuchipinda?"

"Ndinalowa."

"Munawagwira ndi manja anu?"

"Ndinawanyamula."

"Tsono tiuzeni pamaso pa ankhoswe. Munawapeza ali bwanji?"

Limbani anaweramitsa mutu. Sakanatha kunama, komanso sakanatha kutchula. Thukuta linkatsika m'khosi mwake ngakhale kunali mphepo. Tiyanjane anayamba kusisima. Ine ndinali nditagwira kale pansi kuti ndidzuke, ndinene zimene zikanandidanitsa ndi abale anga mpaka imfa, pamene mawu osasa anamveka kuchokera pamphasa.

"Anandipeza nditavala."

Tonse tinatembenuka. Akulu anga anali atachotsa nsalu kumutu.

"Diresi langa lobiriwira lija, ndi juzi pamwamba. Anandipeza nditakomoka, koma nditavala."

A Bester anatsokomola. "Mlongo, mudzi wonse uno unalowapo m'mabulangete mwanu. Tonse tikudziwa kuti pamphika wanu munthu savala."

"Mphikawo ndi wanu kapena wanga? Ndinasintha. Ndinaona kuti kuvula kumalowetsa mphepo m'thupi, n'chifukwa chake chimfine chimachedwa kutha. Kodi ndikasintha kachitidwe kanga ndiziyamba ndadzapempha kwa inu?" Anayang'ana ankhoswe mmodzimmodzi, anayang'ana aja a kuseri kwa nkhokwe. "Amene munakumana nane kumsewu munaona bulangete ndi jekete. Alipo anasuzumira mkati? Alipo analimo m'chipindamo woti anditsutse?"

Maso awo anafika pa ine ndi Tiyanjane, n'kuima. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Mayi wa Chigwirizano, amene chibadwire sindinamumvepo akunama ngakhale bodza loseketsa mwana, anali atanama pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo kuti bodzalo liime, anaponda lamulo lomwe analiteteza moyo wawo wonse.

"Nanga zija munanena zoti munthuyu asudzulidwe?" anafunsa a Bester, mawu atafewa.

"Ndinanena ndine, ndabweza ndine. Kulowa m'nyumba yoyaka si mlandu. Bambo a Ulemu andikonzere chitseko changa, ndatopa kugona kuseri kwa mphasa ngati mbuzi."

Aka kanali koyamba kuwamva akuti bambo a Ulemu. Limbani sanadzutse mutu. Mapewa ake okha ndi amene ankagwedezeka, ndipo tenanti wokalamba uja anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mpaka ankhoswe onse anamutsatira.

Mawu akatuluka pabwalo sabwezedwa, ndiye akulu anga anayenera kukhala nawo. Anagula mphika wina pa Mitundu, ndipo kuyambira chaka chimenecho aliyense wofukiza kwa a Felesiya amafukiza atavala. Umatuluka m'mabulangete zovala zili nyowe, zitakakamira pathupi ngati wagwa m'chitsime, ndipo uyenera kubwera ndi zosinthira. Anthu amadandaula, iwo amangoti amene sakufuna akafukize kwawo. Mbaula safuna n'kuiona komwe pafupi ndi wodwala. Mwana akabwera akubanika, amamuvundukula pachifuwa, n'kuyang'ana nthiti, ndipo zikakhala kuti zikulowa mkati mphika sautereka. Amangoti, "Kawauzeni bambo a Ulemu atulutse njinga."

Tsiku lina tili awiri tikusenda nyemba ndinawafunsa kuti diresi lobiriwira lija lili kuti, poti ine chibadwire sindinalionepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, tomato wako sakuola ku Nathenje?"

Zikomo sanamuuzepo Limbani, ndipo sindikhulupirira kuti adzamuuza. Iyenso akawaona m'njira amapatukirabe kutchire. Jekete lija analichapa okha ndi mkono umodzi, n'kukaliyanika pachingwe cha kunyumba kwake iye ali kudimba. Chitseko anakonza, chabwino kuposa chakale, ndipo anasema mpiringidzo watsopano wa mtengo wolimba. Atabwera nawo kuti akhomere, akulu anga anatuma Tiyanjane kukamuuza kuti ausiye, sakuufuna. Mpaka lero amangotsekera ndi kampando.

Chaka chatha chimfine chinawagwiranso ine ndili komweko. Anawiritsa masamba awo, anaphula, analowa kuchipinda ndi diresi lawo. Nditatuluka panja ndinapeza Limbani wakhala pansi pa mtengo chapatali, akusema mpini umene sunkafunika kusemedwa, nkhope atayang'ana kumbali. Tiyanjane anandinong'oneza kuti amatero nthawi zonse apongozi ake akamafukiza, ndipo sachoka mpaka atuluke. Ndinakhala pakhonde n'kumvetsera. Mkatimo akulu anga ankati akakhala pang'ono n'kutsokomola, akakhala pang'ono n'kutsokomolanso, mokweza kuposa m'mene chifuwacho chinkafunira, kuti wa pansi pa mtengoyo amve.